Chitsulo Chimene Sichifuna Munthu Wamantha

Ambiri amene angoyamba kumene kusema zitsulo pa makina a lathe amayesa kuti nzeru yagona pa kupala mwaulemu, mpeni ukungokhudza pamwamba. Pa chitsulo wamba ulemu wotere suwononga kwenikweni. Koma tsiku limene munthu adzamanga pamakinapo chitsulo chosachita dzimbiri, ulemu womwewo ndiwo udzamuphera mpeni ndi kumutayitsa ndalama.

Chitsulochi, chimene amisiri amachitcha stainless steel, chinayamba kutchuka mu 1913, pamene Harry Brearley wa ku Sheffield, m'dziko la England, anasakaniza chitsulo ndi chromium pofufuza mipope ya mfuti yosatha msanga. Chromium akakumana ndi mpweya amapanga khungu lopyapyala losaoneka ndi maso, ndipo khungulo ndilo limatsekereza dzimbiri. Mtundu wofala koposa, wotchedwa 304, uli ndi magawo 18 a chromium ndi 8 a nickel pa magawo 100 alionse. Ndiwo timauona m'masupuni, m'masinki ndi m'mathanki a mkaka, ndipo maginito saugwira kwenikweni.

Tsono chitsulochi chili ndi makhalidwe awiri oyenera kuwadziwa. Loyamba ndi lakuti chikakwechedwa chimalimba. Mpeni ukangotsetsereka osadya, pamalo pamene wadutsapo pamauma gwa kuposa m'kati. Wophunzira poona kuti sizikuyenda amabwereza mwamantha, ndipo ulendo uliwonse amaonjezera kuuma, kufikira mpeni utabuntha ndi kuyamba kulira. Khalidwe lachiwiri ndi lakuti kutentha kumayenda mochedwa m'chitsulochi, pafupifupi katatu poyerekeza ndi chitsulo wamba. Motero moto wonse umasonkhana pansonga pa mpeni.

Nanga tichitenji? Choyamba, chepetsani liwiro la makina, pakuti kuthamanga sikufika. Ndi mpeni wa HSS, chitsulo chonenepa mamilimita 25 chizizungulira ka 200 pamphindi imodzi, kapena kucheperapo pang'ono. Chachiwiri, pamene makina akuyenda modekha, dzanja lisazengereze ayi. Lowetsani mpeni mokwanira, ngati theka la milimita pa makina aang'ono, kuti udye kunsi kwa khungu louma lija, ndipo uyendetseni osaima panjira. Mukafuna kupuma, yambani mwaubweza. Lamulo lomweli ligwiranso ntchito poboola: chobowolera chikangozungulira osatulutsa nyenyeswa, dzenje laumiratu.

Mpeni ukhale wakuthwa, nsonga yake ilingane ndi pakati penipeni pa chitsulo, ndipo usatuluke kwambiri pa chogwirira chake, popeza makina aang'ono sachedwa kunjenjemera. Mafuta odulira zitsulo asasowe nthawi yonse.

Amene ali ndi mwayi wosankha ayambe ndi mtundu wa 303. Umenewu anauthira sulphur pang'ono, kotero kuti nyenyeswa zake zimathyoka msanga ndipo mpeni suvutika. Kuipa kwake n'kwakuti suwotchereka bwino, ndiponso sulimbana ndi dzimbiri monga mnzake uja.

Mawu otsiriza ndi a chenjezo. Nyenyeswa za 304 zimatuluka zazitali ngati chingwe, zotentha ndi zakuthwa ngati lumo. Musazikoke ndi manja. Imitsani makina, ndipo muzichotse ndi ngowe ya waya. Magalasi otchinjiriza maso avalidwe, koma magolovesi ndi malaya a manja olendewera akhale kutali, chifukwa makina akagwira nsalu sasiya mwini wake.

Kunena zoona, chitsulochi si chankhanza monga amachinenera. Chimangofuna munthu wodekha pa liwiro koma wolimba mtima pa dzanja. Mlungu wamawa tidzaona kanoledwe ka mpeni woyenera ntchito imeneyi.