CUKU NDI BOWA WA M'NTHAKA: KUDZIWA MDANI NDI BWENZI

Acikumbi ambiri amadabwa poona akatswiri a zaulimi akutapa dothi m'minda ndi kulisunga m'timatumba. Kodi afunamo ciani? Afuna kudziwa mitundu ya cuku ndi bowa yokhala m'nthakamo, kuti aliyense alembedwe dzina lace ndi malo amene apezeka.

Bowa amene amai athyola m'dzinja ali ngati cipatso cabe. Thupi lace leni-leni ndi timaulusi toyera toyanga pansi. Ndelema amera pafupi ndi mitengo ya mombo cifukwa timaulusi tace tigwirana ndi mizu, ndipo utale ulimidwa ndi ciswe m'culu. Ena aoletsa mapesi kuti asanduke cajila. Koma alipo oipa, monga Pythium ndi Rhizoctonia amene aoletsa mbande za fodya m'tsinde pa nazale, makamaka pamene mwafesa mothithikana ndi kuthirira madzi kopitirira.

Nchito yolemba maina si ya lero. M'caka ca 1953, P. O. Wiehe anasindikiza mndandanda wa matenda a mbeu a m'Nyasaland. Masiku amenewo anali kumeretsa cuku m'timbale ndi kumuyang'ana pa makina okulitsa zinthu. Tsopano ayesanso DNA.

Phindu lace lioneka bwino pa cuku wobiriwira wochedwa Aspergillus flavus, amene akhala m'nthaka nagwira cimanga ndi mtedza. M'caka ca 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil. Pofufuza anapeza ululu wa cukuyu, wochedwa aflatoxin, umene uononga ciwindi ca munthu ndipo sutha ndi kuphika. Tsono cozizwitsa n'cakuti si onse a mtundu umenewu ali ndi ululu, ngakhale pa maso afanana ngati mapasa. Akatswiri a IITA anasankha opanda ululu ocokera m'dothi la maiko a mu Africa, nawamata pa njere za mapira. Mankhwalawa, ochedwa Aflasafe, awazidwa m'munda milungu iwiri kapena itatu cimanga cisanamasule, ndipo cuku wabwino alanda malo a woipa.

Cifukwa cace, mlangizi akapempha dothi, muloleni, ndipo mumuuze zimene munabzalapo zaka zapitazo. Mbande zikayamba kugwa, zulani zingapo pamodzi ndi dothi lace, mupite nazo kwa iye zisanaume. Cimanga musaciyanike pa dothi, ndipo nazale ya fodya muzisintha malo caka ndi caka.