Ermac: Ninja amene anabadwa m'mphekesera

Mu 1992, m'nyumba zamasewera za ku America munalowa makina atsopano amene anawazunguza mitu achinyamata. Linali bokosi lalitali kuposa mwana wa sukulu, lokhala ndi sikirini, kandodo kowongolera ndi mabatani asanu kwa wosewera aliyense. Ukaponyamo ndalama yachitsulo, unkasankha mmodzi mwa akatswiri asanu ndi awiri a nkhonya ndi mateche, n'kuyamba kuswana ndi mnzako kapena ndi makinawo. Gemuyo inali Mortal Kombat, yopangidwa ndi kampani ya Midway ya mumzinda wa Chicago. Amene anaipanga anali anthu anayi okha: Ed Boon ankalemba pulogalamu, John Tobias ankajambula ndi kupeka nkhani, John Vogel ankathandiza pa zithunzi, ndipo Dan Forden ankaona za nyimbo ndi phokoso lonse.

Lero mayina a Scorpion ndi Sub-Zero amadziwika ngakhale ndi anthu amene sanagwirepo gemuyi, chifukwa cha mafilimu ake ndi ma PlayStation. Koma pali mbali ina ya mbiri yake imene ambiri saidziwa. Ena mwa anthu otchuka a m'gemuyi sanachokere m'mutu mwa Boon kapena Tobias. Anachokera m'kamwa mwa osewera, m'mabodza ndi m'mphekesera zimene ankauzana ali pamzere kudikira kuti nawo aponye ndalama yawo.

Zonse zinayamba ndi chinsinsi chimodzi chimene chinali choona.

Anthu a mu Mortal Kombat sanali ojambulidwa pamanja ngati makatuni. Anali anthu enieni ojambulidwa ndi kamera, zithunzi zawo n'kulowetsedwa mu kompyuta. Popeza malo osungira zithunzi m'makina a nthawi imeneyo anali ochepa, opangawo anachenjera: anajambula munthu mmodzi, Daniel Pesina, atavala za uninja, kenako n'kungosintha mtundu wa chovala. Wachikasu anakhala Scorpion, wa buluu anakhala Sub-Zero. Boon anaona kuti njira yomweyo ingabereke munthu wachitatu popanda kuwononga malo ambiri. Anapanga ninja wobiriwira, wothamanga kwambiri, wokhala ndi mphamvu za anzake awiri aja, anamutcha Reptile, n'kumubisa mkati mwa gemuyo. Sanauze ngakhale Tobias.

Kuti munthu akumane ndi Reptile, panafunika zinthu zovuta kukhulupirira. Unayenera kukhala ukumenyana pa mlatho wotchedwa The Pit, umene pansi pake pali zisonga. Pamwezi wa kuseri kwa mlathowo payenera kudutsa chithunzithunzi. Upambane zigawo ziwiri osakhudzidwa ngakhale kamodzi, osadina batani lotchinga, ndipo umalize mdani wako ndi imfa yoopsa ija imene gemuyi imaitcha Fatality. Ukakwanitsa zonsezi unkapezeka pansi pa mlatho, pakati pa zisonga, maso ndi maso ndi ninja wobiriwira. Mnyamata amene anafotokozera anzake zimenezi koyamba ayenera kuti anasekedwa ngati wabodza. Koma ena atayesa, anapeza kuti n'zoona, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso nkhani ya Mortal Kombat imene munthu akanaikana ndi mtima wonse. Ngati wobiriwira alipodi, wofiira angalephere bwanji kukhalapo?

Wofiirayo anatulukira pamalo osayembekezeka. Makina aliwonse anali ndi tsamba lobisika la mwini malo, losonyeza ndalama zimene zalowa, magemu amene aseweredwa ndi zina zotero. Patsambalo panali mzere wowerengera kuti anthu amenyana kangati ndi Reptile, ndipo pansi pake penipeni panalembedwa mawu akuti ERMACS. Kwa Boon, ichi chinali chidule cha kapulogalamu kowerengera zolakwika zimene makina akumana nazo, basi. Koma amene anasuzumira tsambalo anaona dzina pansi pa dzina la Reptile, n'kunena kuti ameneyu ndi ninja wina wobisika. Mu 1993 magazini ya Electronic Gaming Monthly inasindikiza chithunzi chimene wowerenga wina anatumiza, chosonyeza ninja wofiira amene ankati wakumana naye. Chithunzicho chinali chopeka, koma chinali chitalowa kale m'manja mwa ana masauzande ambiri.

Tisaiwale kuti nthawi imeneyo intaneti inali isanafike m'nyumba za anthu ambiri. Panalibe YouTube yoti munthu aonetse umboni, panalibe foni yojambulira sikirini. Nkhani inkayenda pakamwa, pabwalo la sukulu ndi m'makalata opita ku magazini, ndipo nthawi zonse woiona ndi maso ankakhala msuweni wa mnzake wa winawake, wokhala kutali. Magazini ya Electronic Gaming Monthly ija inali itapusitsa kale anthu mu Epulo 1992 ndi nkhani ya Sheng Long, mphunzitsi wobisika amene inati ali mu Street Fighter II. Ana anataya ndalama zambiri kumusakasaka munthu woti kulibe.

A Midway akanatha kungotulutsa chikalata chotsutsa n'kutseka nkhaniyo. Iwo anasankha kuisonkhezera. Mu Mortal Kombat II, imene inatuluka mu 1993, anabisamo anthu atatu: Smoke, Jade ndi Noob Saibot, amene dzina lake ndi mayina a Boon ndi Tobias owerengedwa chobwerera. Smoke ndi Jade ankasuzumira kuseri kwa mitengo ya m'nkhalango ina pamene anthu akumenyana, moti wosewera ankawaona koma osadziwa njira yowafikira. Munthu akamaliza gemu yonse, pansi pa sikirini pankatuluka zilembo zosokonezedwa, ndipo ena mwa mawuwo ukawasanja bwino ankanena kuti Ermac kulibe. Kwa achinyamata aja, kukana kotereku kunangowonjezera chikayikiro. Munthu woti kulibe amamutchuliranji dzina?

Gemu yachiwiriyi ndiyo inabala mphekesera zambiri kuposa ina iliyonse. Ena ankalumbira kuti pali njira yosandutsa munthu wako nyama yolusa kuti akhadzule mdani. Ena ankati mitengo ya m'nkhalango ija, imene inali ndi nkhope zobuula, imatha kumeza munthu ukadziwa mabatani ake. Kunali nkhani ya ninja wamkazi wovala zofiira, amene anamupatsa dzina loti Skarlet. Ndiponso chapatali, kuseri kwa mlatho wachiwiri, kunkaoneka kamunthu koyaka moto thupi lonse, kongokongoletsa malo, koma osewera anakapatsa dzina ndi mbiri yake.

Chimene chimasiyanitsa Mortal Kombat ndi magemu ena a m'badwo wake n'chakuti pafupifupi zonsezi zinadzakhala zoona. Mu 1995, Mortal Kombat 3 inabwera ndi njira yosanduka nyama ija, yotchedwa Animality. Chaka chomwecho, mu Ultimate Mortal Kombat 3, Ermac anaonekera ndithu, wovala zofiira monga mmene mphekesera inanenera, ndipo ankatsegulidwa ndi nambala yachinsinsi. Anamupatsa mphamvu yonyamula mdani m'malere osamugwira, ndi mbiri yoti iye ndi mizimu yambiri ya ankhondo akufa yophatikizidwa m'thupi limodzi. N'chifukwa chake m'magemu a pambuyo pake amadzitchula kuti "ife". Kamunthu koyaka moto kaja kanakhala Blaze, mdani wamkulu womaliza mu Mortal Kombat: Armageddon ya 2006. Skarlet anadikira mpaka 2011, ndipo mu gemu ya chaka chimenecho mitengo ija inkadyadi anthu.

Nthawi zina opangawo ndi amene ankayamba dala. M'kafilimu kokopa anthu ka Ultimate Mortal Kombat 3 munkaoneka ninja wovala za pepo dzina lake Rain. Anthu anamufunafuna m'makinawo mpaka kutopa, koma munalibe njira yomupezera. Inali nthabwala ya Boon, wokonda nyimbo za Prince, amene ali ndi nyimbo yotchuka ya Purple Rain. Rain anadzaseweredwa koyamba mu 1996, m'magemu a kunyumba.

Pali chifukwa cha malonda pa zonsezi, ndipo sichobisika. Makina a m'nyumba zamasewera ankadya ndalama yachitsulo imodziimodzi, choncho chilichonse chobweza mwana mawa ndi mkuja chinali phindu. Mwana wosakasaka Ermac ankaponya ndalama zambiri kuposa amene wangobwera kudzamenyana ndi mnzake. Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti inali ndalama yokha. Kampani yongofuna ndalama ikanasiya bodzalo liziyenda mpaka lizilale lokha. Boon ndi anzake ankamvetsera zimene ana akunena, n'kusankhamo zabwino, n'kuzigwirira ntchito. Anawatenga osewera ngati anzawo opeka nawo nkhani, ndipo ulemu umenewu ndi wosowa m'makampani a zosangalatsa.

Chinsinsi china chinali chenicheni ndiponso chodziwika ndi mwana aliyense. Pa 13 Seputembala 1993, tsiku limene otsatsa malonda analitcha Mortal Monday, gemu yoyamba ija inafika m'makina a kunyumba. A Nintendo anachotsamo magazi n'kuikamo thukuta lotuwa. A Sega anawabisa kuseri kwa mabatani A, B, A, C, A, B, B, ndipo mndandanda umenewu unafalikira m'masukulu ngati moto wolusa m'chilimwe. Akuluakulu a boma anadzidzimuka. Mu Disembala chaka chomwecho, aphungu awiri a nyumba ya Senate, Joe Lieberman ndi Herb Kohl, anaitanitsa makampani a magemu kuti adzayankhepo za chiwawa, ndipo mu 1994 kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB, limene mpaka lero limalemba pa bokosi la gemu msinkhu woyenera kuisewera ku America. Makolo azidziwa kuti magemu a Mortal Kombat a masiku ano amalembedwa kuti ndi a zaka 17 kupita m'tsogolo, ndipo chiwawa chake n'choonekera kwambiri kuposa cha 1992.

Midway inagwa mu 2009. Kampani ya Warner Bros. inagula Mortal Kombat, ndipo gulu la Boon linapitiriza ntchito ku Chicago komweko ndi dzina latsopano la NetherRealm Studios. Mphekesera nazo zinasamuka, kuchoka pabwalo la sukulu kupita pa intaneti, ndipo zinasintha khalidwe. Masiku ano kuli anthu odziwa kutsegula mafayilo a gemu ndi kuwerenga zimene zili mkati, moti dzina la munthu amene kampani ikufuna kudzagulitsa miyezi ikubwerayi limadziwika gemu isanathe sabata pamsika. Nthawi zina chinsinsi chimaululidwa ndi eni ake. Mu Febuluwale 2023, mkulu wina wa Warner Bros. Discovery, polankhula ndi eni masheya, anatchula kuti gemu yatsopano ituluka chaka chomwecho, NetherRealm isananene kanthu. Patapita miyezi itatu, tsamba la Amazon la ku Italy linasonyeza mwangozi mayina a anthu asanu ndi mmodzi oti adzawonjezedwe mu gemu yatsopanoyo, yotchedwa Mortal Kombat 1, ndipo pakati pawo panali Ermac.

Nkhani zotere n'zolondola kuposa za kale, koma zilibe kukoma kwake. Mphekesera ya Ermac inali yopekedwa ndi anthu, ndipo inawonjezera chinthu chimene kunalibe. Kuulula mndandanda wa malonda kumangolanda anthu chisangalalo cha tsiku lolengeza. Palinso ena amene amapeka "zinsinsi" n'cholinga choti mavidiyo awo aonedwe ndi anthu ambiri, ndipo wowerenga ayenera kufunsa ngati wonenayo anayamba walondolapo m'mbuyomu. Mawu a osewera akadali ndi mphamvu, ngakhale kuti tsopano amabwera ngati kukakamiza. Mortal Kombat 11 itatuluka mu 2019 yopanda Mileena, okonda mkazi wa mano oopsayu anadzaza tsamba la Boon la Twitter ndi madandaulo kwa chaka choposa chimodzi, ena mpaka kuchita mwano, ndipo mu Novembala 2020 Mileena anabwera pamodzi ndi Rain ndi Rambo.

Boon sanasiye mchitidwe wake. Mu Januwale 2025, osewera a Mortal Kombat 1 anayamba kukumana ndi ninja wovala za pinki dzina lake Floyd, lokumbutsa gulu loimba la Pink Floyd. Kuti aonekere, munthu ankayenera kukwaniritsa mayeso khumi obisika, ndipo mayesowo sankafanana kwa wosewera aliyense. Anthu a m'maiko osiyanasiyana anagawana ntchito, wina kuyesa izi, wina izo, ofukula mafayilo nawo akuthandizapo, ndipo m'masiku owerengeka anali atalemba mndandanda wonse. Zinsinsi za kale zinkakhalitsa kuposa apa: tsamba lina lobisika la Boon, lotchedwa EJB, linakhala m'makina oyambirira aja zaka zoposa 20 anthu wamba asanadziwe mabatani olitsegulira.

Mu Meyi 2025 a NetherRealm analengeza kuti sawonjezeranso anthu atsopano mu Mortal Kombat 1 chifukwa ayamba ntchito ina, koma sananene kuti ndi iti. Zitatero, okonda magemuwa anagawikana. Ena ankati kukubwera Injustice yachitatu, gemu ya Batman ndi Superman imene kampaniyi inatulutsa mu 2013 ndi mu 2017, ena ankati ndi Mortal Kombat ina. Amene amakonda zakale analandira zawo kumapeto kwa Okutobala 2025, pamene kampani ya Digital Eclipse inasonkhanitsa magemu oyambirira aja mu Mortal Kombat: Legacy Kollection. Mkati mwake muli mtundu wa Ultimate Mortal Kombat 3 wotchedwa WaveNet, umene unayesedwa m'nyumba zamasewera zochepa chabe cha m'ma 1990, ndipo kwa zaka zambiri osewera ankangoumva m'nkhani za anzawo.