Ku Joni kuli ndalama, ku Chintheche kuli tulo

Anzanga a mu msika, nthawi zambiri ndimakumvani mukudandaula kuti geni yavuta, bola kungothawira ku Joni. Musanagulitse benchi lanulo, tamvani za ku Chintheche, kumene anthu anayamba ulendo umenewu agogo athu asanabadwe.

Atonga a ku Nkhata Bay anatsegula maso msanga. Mishoni ya Bandawe itakhazikika mu 1881, anyamata anaphunzira Chingerezi, koma ntchito kwawoko kunalibe. Basi anauyamba wa ku Salisbury ndi ku Johannesburg, ena kukakhala makhuku ndi mawetala, ena makalaliki. Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira anakafika mpaka ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU lomwe linasowetsa azungu mtendere.

Kenaka kunabwera Wenela. Mu 1974 ndege yake inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, ndipo Kamuzu analetsa ulendowo. TEBA inadzayambanso, koma inatha mu 1988 pa mkangano woyeza Edzi. Chithere TEBA, aliyense amadziyendera yekha: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge.

Chilungamo chake, Joni watisiya kutali. Misewu ndi yatala, madzi ali pampopi, nkhalamba za dzikolo zimalandira ndalama ku boma mwezi ndi mwezi. Kuno kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sopo ndi shuga n'kukwera tsiku lomwelo. Nyumba zamalata zambiri zomwe ndaziona m'mbali mwa msewu wa M5 zinamangidwa ndi randi, ndipo fizi ya ana ambiri imachokera komweko.

Koma funsani obwerako akuuzeni. Mnyamata wogwira ntchito m'galadeni amagona m'kachisakasa ka malata ndi anzake anayi, lendi n'kumalipira ndithu. Alibe pemiti, ndiye akaona galimoto ya polisi mtima uli phaa, poopa kukatsekeredwa ku Lindela. Mu 2008 eni dziko anaukira alendo, anthu 62 n'kufa. Mu 2015 zinabukanso ku Durban, boma lathu mpaka kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Ndipo munthu akamwalira, abale amasonkha kwa masabata kuti maliro abwere kumudzi.

Mnzake wotsala ku Chintheche m'thumba muli gwa, sitikana. Koma chinangwa chili kuseri kwa nyumba, kondowole ndi usipa sizisowa, ndipo palibe womufunsa pasipoti akamapita kunyanja. Chomwe chimamupweteka ndi matenda akagwa pakhomo, kapena mwana akasankhidwa ku sekondale.

Ndiye ine ndikuti, ngati mwatsimikiza zopita, pitani ndi mapepala oyenera, ndalama yobwerera isungidwe padera, ndipo benchi musiyire m'bale. Ku Nkhata Bay kuli amayi okalamba amene mpaka lero akudikira amuna awo amene anati akubwera Khirisimasi ikubwerayi.