Digiri payokha simupanga munthu kukhala loya

M'maofesi a maloya a ku City Centre, ku Old Town ngakhalenso m'nyumba zosanduka maofesi ku Area 10 mumzinda wa Lilongwe, mumapezeka achinyamata ovala masuti akuda amene anamaliza kale sukulu ya zamalamulo, koma sangatsegule ofesi yawoyawo. Lamulo limafuna kuti ayambe asulidwa pantchito.

Lamulo loyendetsera maphunziro ndi ntchito za maloya la 2017 ndi limene linakhazikitsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education. Kumeneko omaliza digiri amaphunzira ntchito yeniyeni, monga kalembedwe ka zikalata za kukhoti ndi khalidwe loyenera loya, kenako amalemba mayeso. Kwa zaka zambiri, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba ankaloledwa kuyamba ntchito popanda mayeso oterewa, zomwe zinadandaulitsa anzawo a m'mayunivesite ena.

Wokwaniritsa zofunika amapempha mkulu wa makhoti onse m'dziko muno kuti amulandire, ndipo amalumbira m'bwalo. Komabe chilolezo choyambachi chimakhala ndi malire: kwa zaka ziwiri ayenera kugwira ntchito pansi pa loya wodziwa kale ntchito, kapena m'nthambi za boma monga Unduna wa Zachilungamo ku Capital Hill.

Zaka ziwirizi ndizo zimaumba loya. M'buku mulibe phunziro la momwe angafunsire mboni yamantha, kapena momwe angauzire mayi wamasiye kuti mlandu wake wa malo ulibe mphamvu. Koposa zonse, wophunzirayo amazolowera kuti ndalama za kasitomala, monga chipukuta misozi cha ngozi ya pamsewu, zimasungidwa mu akaunti yapadera ndipo sazikhudza. Apa ndi pamene ena agwera, mpaka kufufutidwa m'kaundula wa maloya.

Vuto n'lakuti kusulidwaku kumadalira womuyang'anira. Wina amapita ndi wophunzira wake kukhoti n'kumamuwongolera. Wina amangomutuma kukapempha kuti mlandu uimitsidwe kaye, zaka n'kutha asanayendetseko mlandu ngakhale umodzi.

Malirewo akachotsedwa, loya amafunikabe chiphaso cha chaka ndi chaka kudzera ku bungwe la Malawi Law Society, ndipo kuti achipeze ayenera kupitiriza maphunziro komanso kuthandizako ovutika mwaulere. Bungweli limatulutsa mndandanda wa maloya a ziphaso, umene aliyense angathe kuuona asanapereke mlandu kapena ndalama zake.