Namwino Nayenso Adya Nsima

Abale anga a m'migodi, ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakalambira muno m'Bulawayo. Ndinagwira nchito pansi zaka zambiri. Tsiku lina mwala utandiphwanya mwendo, amene anachezera nane usiku wonse, natsuka bala langa, anali namwino. Lero mwana wanga wamkazi ali namwino iyenso, chotero nkhani ya malipiro ao ndiidziwira m'nyumba mwanga.

Mu April 2018 anamwino a m'zipatala za Boma ananyanyala nchito m'dziko lonse, ndi kuno komwe, chifukwa cha malipiro. Wachiwiri wa Pulezidenti, Bambo Constantino Chiwenga, analengeza kuti onse onyanyala achotsedwa, anthu ngati 16,000. Madzulo amenewo mwana wanga anangokhala pakhonde, nsima osaikhudza. Patapita masiku owerengeka anabwerera ku nchito, koma mlandu sunathe ai.

Mu September 2019 madotolo naonso analeka nchito, ndipo ambiri anabwerera mu January 2020. Mu June 2020 anamwino ananyanyalanso, napempha kuti azilipidwa madola a ku America. Sanali kuchita dyera. Pofika July chaka chomwecho mitengo ya zinthu inali itakwera koposa 800 peresenti pa chaka chimodzi. Ndinaona ndekha malipiro a mwezi wathunthu akutha sabata isanathe: ufa, lendi, basi yopitira ku chipatala, kenaka m'manja mbee.

Mu January 2023 kunadza lamulo lakuti anchito a m'zipatala asanyanyale kupitirira maola 72, ndipo wolakwira akhoza kumangidwa miyezi 6. Koma lamulo silitseka njira ya ulendo. Anamwino zikwizikwi anapita ku Britain ndi maiko ena, monga momwe ife tinachokera kwathu kudzafuna ndalama kuno. Otsala asenza katundu wa anzao.

Inu mudziwa kuti malipiro sayesedwa ndi manambala a papepala, koma ndi matumba a ufa amene agula. Chotero mukamva kuti anamwino akudandaula, musafulumire kuwanyoza. Mwana wanga wayamba kufunsa za pasipoti. Ine ndilibe mau omuletsa, pakuti nanenso ndinasiya amai akulira pakhomo. Koma ndifunsa: mwala ukagwanso pansi paja, adzatsuka bala lanu ndani?