Kukonza nyumba pa TV: kodi bajeti zimene amatisonyezazi n'zoona?

Mapulogalamu a pa TV osonyeza anthu akugula nyumba yakutha, kuikonza, kenako n'kuigulitsa pamtengo wokwera amakoma kuonera. Ndi otchuka makamaka ku America, pa kanema wa HGTV amene anayamba mu 1994. Pulogalamu ya Flip or Flop, ya Tarek El Moussa ndi Christina, inayamba mu 2013 kum'mwera kwa California ndipo inatha mu 2022. Ku Britain, BBC yakhala ikuonetsa Homes Under the Hammer kuchokera mu 2003. Ena ambiri, monga Fixer Upper ya Chip ndi Joanna Gaines ya mumzinda wa Waco ku Texas, amakonzera banja limene lidzakhalemo. Onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: amalemba pakanema kuti ntchito idzadya ndalama zingati, ndipo owonerafe timakhulupirira.

Manambalawo nthawi zambiri sakhala abodza, koma sakhala mtengo umene munthu wamba angalipire. Oyendetsa mapulogalamu ambiri ali ndi makampani awoawo omanga, choncho amisiri ndi awo omwe, ndipo zipangizo amagula zambiri nthawi imodzi pamtengo wotsika. Makampani opanga penti, matailosi kapena mafiriji amakondanso kupereka katundu motchipa kapena mwaulere kuti aonekere pa TV. Wojambula mapulani amalipidwa ndi eni pulogalamu. Pa Fixer Upper, mipando ndi zokongoletsa zambiri zimene zimaoneka tsiku losonyeza nyumba zinali zongokongoletsera. Banja likazifuna linkayenera kuzigula padera. Ndiye chipinda chochezera chimene chimachititsa mayi wa nyumba kugwetsa misozi chija sichinali chonse m'bajeti.

Ogula nyumba n'kuzigulitsanso ku America ali ndi njira yowerengera imene amaitcha lamulo la 70 peresenti. Ayerekeze mtengo umene nyumbayo ingagulitsidwe ikakonzedwa, atengepo magawo 70 mwa 100, kenako achotse ndalama zokonzera. Chotsalacho ndiye mtengo umene sayenera kupitirira pogula. Tiyerekeze nyumba imene ingagulitsidwe madola 300,000. Magawo 70 ake ndi 210,000. Ngati kukonza kudzadya 50,000, wogulayo asalipire zoposa 160,000.

Wina angaganize kuti 90,000 yotsalayo yonse ndi phindu, koma pamenepa ndi pamene ndalama zimathera mwakachetechete. Othandiza kugulitsa nyumba kumeneko akhala akulandira magawo 5 kapena 6 mwa 100 a mtengo wa nyumba, kutanthauza madola ofika 18,000 pa chitsanzo chathuchi. Ambiri amagula ndi ngongole ya nthawi yochepa yokhala ndi chiwongoladzanja chokwera kuposa cha ngongole wamba ya nyumba. Ngati munthu wakongola 200,000 pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka, miyezi isanu ndi umodzi yokha imudyera 12,000. Onjezanipo msonkho wa malo, inshulansi, magetsi, madzi, zilolezo za khonsolo ndi ndalama zosinthira umwini pogula ndi pogulitsa pomwe. Phindu limene latsalalo boma limadulaponso msonkho. Mapulogalamu ena, kuphatikizapo Flip or Flop, amasonyezako zina mwa ndalamazi kumapeto, koma mwachidule kwambiri, m'masekondi ochepa nyimbo ikulira.

Nkhani ya nthawi ndi imene kanema amaibisa kwambiri. Ntchito ya miyezi ingapo imaonetsedwa pasanathe ola limodzi, ndipo sitiona masabata odikira woyendera nyumba wa boma kuti avomereze mawaya, kapena odikira mawindo amene anachedwa kufika. Kwa munthu amene ali ndi ngongole, sabata iliyonse yodikira ili ndi mtengo wake.

Chimene mapulogalamuwa amanena zoona n'chakuti nyumba yakale imabisa matenda. Khoma likagumulidwa m'pamene pamaoneka chiswe, mipope yodzimbiri, mawaya akale oopsa kapena maziko ong'aluka. Ku America penti wokhala ndi mtovu analetsedwa m'nyumba mu 1978, choncho nyumba yomangidwa chakacho chisanafike ingafunike anthu odziwa kuichotsa mosamala, ndipo salipitsa zochepa. Pa TV vuto lotere limafika ngati lodzidzimutsa, aliyense n'kugwira pamutu, chifukwa pulogalamu yopanda chododometsa singakope owonera. Kontrakitala wodziwa ntchito sadabwa nazo. Amaikiratu padera magawo 10 mpaka 20 mwa 100 a bajeti kuti adzalipirire zosayembekezeka, ndipo nyumba ikakhala yakale kwambiri amakwezanso. Fanizo la Yesu la pa Luka 14:28-30, la munthu amene anayala maziko a nsanja n'kulephera kumaliza anthu n'kumamuseka, limakamba za kuwerengera komweku ntchito isanayambe.

Kwa ife kuno, madola a ku California sangatithandize kudziwa mtengo wa thumba la simenti, ndipo nyumba zambiri za ku America n'zamatabwa pomwe zathu n'zanjerwa. Komabe kaganizidwe kolakwika kamene kanemayu amadzala kangathe kulowa m'komiti yokonza tchalitchi kapena nyumba ya abusa, ngakhale mwa womaliza maphunziro amene akufuna kukonzera makolo nyumba ndi malipiro ake oyamba. Maso amathamangira ku matailosi, siling'i ndi penti, zimene zimaoneka, pomwe denga likudontha ndipo chiswe chalowa kale m'matabwa. Ifenso tili ndi vuto limene pulogalamu ya ku Texas silisonyeza: kwacha ikagwa mphamvu, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mtengo wa malata ndi penti umasintha ntchito ili pakati. Bajeti yolembedwa mu Januwale ingakhale itatha ntchito pofika Juni. N'chifukwa chake amisiri ambiri amalangiza kugula msanga zipangizo zosawonongeka monga malata ndi zitsulo, kufunsa mitengo kwa amisiri awiri kapena atatu molemba, ndi kukonza denga, madzi ndi magetsi penti asanagulidwe.