Giyabokosi siinafe, uthenga ndiwo sukufika

Madzulo, pamzere wa magalimoto owoloka mlatho wa Lilongwe kuchokera ku Malangalanga, sipalephera kupezeka kagalimoto ka otomatiki kongobangula koma giya osasintha, nyali ya injini itayaka pa dashibodi. Mwiniwake akakafika nako kwa amakaniko ena ku Biwi, chigamulo chimagwa boneti isanatsekulidwe n'komwe: giyabokosi yapita, bwana.

Nthawi zambiri imakhala isanapite kulikonse.

Giyabokosi ya otomatiki siiona ndipo siimva. Imachita kuuzidwa liwiro la injini. Pa crankshaft pali kagudumu ka mano, ndipo pambali pake pamakhala sensa yowerenga dzino lililonse likamadutsa. Pa injini zambiri za Toyota kagudumuka kali ndi malo a mano 36, koma mano awiri anawasiya dala kuti kompyuta izidziwa pomwe mzungulo wayambira. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, ndiye kuti kagudumuko kakuzungulira ka 50 pa sekondi imodzi, sensa ikuwerenga osaphonya.

Kompyuta ya injini imasandutsa zimenezi kukhala nambala n'kuzitumiza ku kompyuta ya giyabokosi kudzera pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN, njira yomwe kampani ya Bosch ya ku Germany inaitulutsa mu 1986. Pa magalimoto ena makompyuta awiriwa ali m'bokosi limodzi. Kompyuta ya giyabokosiyo imayerekeza nambalayi ndi za masensa ake, kenako n'kusankha giya.

Khoswe akangotafuna waya, kapena madzi otsukira injini akalowa mu pulagi, uthenga umaduka. Pamenepo galimoto imadziteteza pokakamira giya imodzi, kawirikawiri yachitatu, kuti ingokufikitsani kunyumba.

Chokwiyitsa ndi nzeru ija yofala yoti mungozula batire kwa mphindi zingapo ndiye mwachiza. Nyali imazimadi, koma wayayo amakhala ali chidukire, ndipo mwafufutanso umboni womwe makaniko akanauwerenga. Anthu a m'ma Eriya 10 ndi 43 omwe amayenda ndi foni zodula amagwanso m'mbuna yomweyi.

Pansi pa chiwongolero pali soketi ya timabowo 16 yolumikizirapo makina oyezera. Akaonetsa P0725 kapena U0100, akuloza ku uthenga wochokera ku injini. Musalole kuti sipanala ikhudze giyabokosi makinawo asanayankhule.